Windows Yatsopano Yafika pa Mchinji: Tisamuke Kapena Tikhale Pomwepa?

Usiku umene tinasintha Windows pa laputopu ya kunyumba kwathu palibe anagona msanga. Anayambitsa nkhaniyi ndi muphwa wanga, mtsikana amene akuphunzira za makompyuta ku Lilongwe, ndipo anali atabwera ku holide. "Amalume, makinawa akhala akukupemphani miyezi yonseyi kuti musamuke, inu mumangodina kuti mawa. Lero ndiye tisamuke basi." Tinayamba takopera pa maflashi awiri zithunzi za ana, makalata a munda ndi mabuku a gulu lathu la banki m'khonde. Kenako tinagula bandulo ya usiku, poti ndiyo yotsikirako mtengo, n'kuyamba kudikira. Chapakati pa usiku magetsi anathima. Mwayi wake batire ya laputopuyo inali idakali yamphamvu, moti inatifikitsa kumapeto.

M'mawa ndinakhala ngati munthu amene walowa m'nyumba yake yomwe koma wapeza katundu yense atasunthidwa. Batani la Start, limene zaka zonsezi limakhala pakona ya kumanzere, linali litakakhala pakati. Ndikadina kumanja kwa mausi, zina zimene ndinazolowera sizimaoneka kufikira nditadinanso pa mawu akuti Show more options. Mayi a kunyumba anatenga kanthawi akufunafuna pozimitsira. Koma mafayilo onse analipo, palibe chinasowa, ndipo makinawo sanafulumire kapena kuchedwa kusiyana ndi kale. Maonekedwe ndiye anali okongola, zimenezo sindingakane. Patatha sabata imodzi dzanja linazolowera lokha.

Nkhani ikanathera pomwepo akanapanda kubwera alamu anga. Iwowa ali ndi kashopu pa boma pano kolembera makalata, kupanga fotokope ndi kusindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Makasitomala awo ena ndi amalonda odutsa pachipata cha Mwami kupita ku Chipata, ena ndi ana a sukulu ofuna kusindikiza makalata ofunsira ntchito. Ataona laputopu yathu anapempha muphwa wanga kuti akawachitirenso chimodzimodzi pa kompyuta yawo ya patebulo. Kompyutayo inakana. Uthenga unali wachidule: makinawa sakukwanira kulandira Windows 11. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa akakumana pakhonde pathu nkhani ndi imodzi, ndipo ine ndakhala ndikumvetsera mbali zonse ziwiri.

Kwa amene sanazolowere, Windows ili ngati kapitawo wa pa esiteti. Siimalima yokha, koma ndiyo imauza wina aliyense chochita: printa isindikize liti, fayilo isungidwe pati, pulogalamu iti iloledwe kulowa. Windows 10 inatuluka mu Julayi 2015, Windows 11 mu Okutobala 2021, ndipo kampani ya Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kuti ndilo lomaliza kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Apa ndi pamene pagona mkangano wonse.

Muphwa wanga amayambira pa tsiku limeneli. Akuti anthu ambiri amalimva molakwika: amaganiza kuti poti kompyuta ikuyakabe, ndiye kuti palibe chasintha. Zoona ikuyaka, ndipo ipitiriza kuyaka. Chimene chasiya ndi kubwera kwa zigamba. Pulogalamu yaikulu ngati Windows siisowa ming'alu, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kufunafuna ming'aluyo kuti alowerepo. Mwezi ndi mwezi kampani inkatumiza zigamba zotsekera imene yapezeka. Tsopano mng'alu ukapezeka pa Windows 10 yosalembetsedwa mwapadera, ukhala wotsegula mpaka kalekale. Choopsa kwambiri, iye akuti, n'chakuti Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana zambiri m'kati mwake. Chigamba chikatuluka cha Windows 11, akuba amachifufuza kuti adziwe pamene panali bowo, kenako amakayesa bowo lomwelo pa makina akale amene sanamatidwe.

Alamu atayankha kuti akuba oterowo ali ndi mabanki a ku London oti awabere, sangataye nthawi ndi kashopu ka pa Mchinji, mtsikanayo sanagonje. "Bambo, vayirasi siifunsa kuti kuno ndi kuti." Anawakumbutsa za WannaCry, imene mu Meyi 2017 inafalikira m'mayiko oposa 150 m'masiku ochepa, n'kumanga mafayilo a anthu ndi kuwauza kuti alipire kuti awamasulire. Zipatala za boma ku England zinafika pobweza odwala. Chigamba chotsekera bowo limenelo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anapweteka ndi amene sanachiike. Anawakumbutsanso za kwathu konkuno: mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa masabata angapo anthu sankatha kulandira mapasipoti. Nkhani imeneyo siinali ya Windows 10, koma inatsimikiza kuti Malawi sali kutali ndi manja a anthu amenewa.

Mfundo yake yachiwiri ndi yosaopsa koma ndi yotsimikizika. Mapulogalamu ena amatsatira kumene kwalowera Windows. Windows 7 itasiya kusamalidwa mu Januwale 2020, Google Chrome inapirira nayo zaka zitatu, kenako kumayambiriro kwa 2023 inaisiya. Amene anakakamira anayamba kupeza kuti masamba ena a pa intaneti sakutseguka bwino. Zomwezo zidzachitikira Windows 10, pang'onopang'ono. Masiku ano msonkho wa MRA, kufunsira malo ku yunivesite, ngakhale kufunsira ntchito, zambiri zikudzera pa intaneti. Munthu wa shopu ngati ya alamu sangakhale ndi makina amene mawa adzakanika kutsegula fomu ya kasitomala. Ndipo kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka pa makina okwanira, kusamukako n'kwaulere, ndiponso pali masiku 10 oti munthu abwerere ku yakale ngati yatsopanoyo sinamukomere. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero mtsikanayo.

Ndimamva mphamvu ya mfundo zimenezi. Koma ndikamvetsera alamu, ndimapeza kuti akunena chinthu chimene mtsikanayo, pokhala sanayambe wadzigulirapo makina ndi thukuta lake, sachiwerengera mokwanira.

Kompyuta yawo siinawonongeke. Imayaka m'mawa uliwonse, imalemba, imasindikiza, imadyetsa banja. Chimene yakanidwira si ulesi ayi. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira osachepera 64 GB, ndipo zimenezi makina awo ali nazo. Koma imafunanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo ngati ili ya Intel, kutanthauza imene inayamba kutuluka mu 2017. Yawo ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi. "Alamu, tandiuzani," anandifunsa tsiku lina, "ng'ombe ikukoka ngolo bwinobwino, wina ali kutsidya kwa nyanja angondiuza kuti yakalamba, ndiiphe?" Funso limeneli ine sindinathe kuliyankha msanga.

Tiyenera kukumbukira kumene makina athu amachokera. Ambiri mwa makompyuta a m'nyumba ndi m'mashopu a kuno ndi a kaunjika. Anagwirapo ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku Dubai kapena ku Joni, ndipo atatha zaka zawo kumeneko ndi pamene anatipeza ife. Choncho lamulo limene kwa munthu wa ku Ulaya likukhudza makina amene anali pafupi kuwataya kale, kwa ife likukhudza makina amene tangowagula kumene. Kampani yofufuza za malonda ya Canalys inawerengera kumapeto kwa 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse akhoza kusanduka zinyalala chifukwa cha kutha kwa Windows 10. Ine ndikawerenga chiwerengero chimenechi ndimadzifunsa kuti ambiri mwa iwo akathera kuti. Mbali ina idzapakidwa m'makontena n'kubwera kumayiko ngati athu ano, pamtengo wokopa, ndipo ogula sadzauzidwa chimene chatsitsa mtengowo.

Kugula ina si nkhani yapafupi. Mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nthawi yomweyo. Munthu wa kuno amaona ndalama yooneka kamodzi pachaka, akagulitsa soya, mtedza kapena fodya, ndipo ndalamayo imakhala itagawidwa kale isanafike m'manja: feteleza, fizi ya ana, malata. Laputopu imaima kumapeto kwa mzere. Kuwoloka kukayang'ana ku Chipata nakonso kumafuna kwacha ya ku Zambia, imene masiku ano siipezeka motchipa.

Ngakhale makina atakhala okwanira, kusamukako sikwaulere monga amanenera. Windows 11 yokha ndi magigabaiti oposa asanu oti munthu akoke pa intaneti, ndipo pambuyo pake pamabwera zowonjezera mwezi ndi mwezi. Kwa amene ali ndi intaneti yopanda malire, zimenezi n'zosaoneka. Kwa amene amalumikiza laputopu ku foni n'kumayang'ana bandulo ikusungunuka, ndi ndalama ya ndiwo. Ku Mkanda kapena ku Kapiri, kumene netiweki imabwera n'kupita, ntchito ya usiku umodzi ikhoza kutenga masiku atatu. Poiika koyamba, Windows 11 ya panyumba imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft, ngati kuti aliyense ali nazo pafupi. Ndiye pali magetsi. Laputopu yathu inapulumuka chifukwa cha batire, koma kompyuta ya patebulo ikazimira pakati pa ntchito yotere ikhoza kudzuka yosadziwa kumene ili. Alamu ali ndi nkhawa inanso: printa yawo yaikulu ndi yakale, ndipo amene anaipanga anasiya kalekale kutulutsa madalaivala ake. Ikakana kugwirizana ndi Windows yatsopano, ndiye kuti agule zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. Walira mvula walira matope, koma iwo akuti mvula imeneyi sanaiitane.

Pali chimodzi chimene chimandiwawa ine pandekha, ndipo ndichinene ngakhale chili chapambali. Windows yasintha maonekedwe kangapo kuchokera pa Windows XP, yasuntha mabatani uku ndi uku, koma mpaka lero siilankhula Chichewa. Mphunzitsi wopuma pantchito amene anaphunzira kompyuta atakula, analoweza malo a zinthu, osati mawu ake. Mukamusunthira batani mwamulanda njira. Achinyamata amaseka zimenezi, koma kwa munthu wotere sabata yosokonezeka ija imatha kukhala chifukwa chosiyira kompyuta kwathunthu.

Pamene alamu amalakwitsa ndi pa mfundo imene amaidalira kwambiri. Amati makina awo salowa pa intaneti kawirikawiri, choncho ndi otetezeka. Koma ndani mwa ife sanaonepo flashi imene mafayilo ake onse asanduka ma shortcut? Matenda a makompyuta kuno amayenda pa flashi ndi pa memori khadi kuposa pa intaneti. Flashi imodzi imayamba m'mawa pa malo obenera nyimbo pamsika, masana ili pasukulu, madzulo yalowa m'kompyuta ya alamu kuti isindikize kalata. Shopu yawo imalandira maflashi a anthu osawadziwa tsiku lililonse. Ndipo m'makinawo simuli zawo zokha. Muli zithunzi za ziphaso za unzika za makasitomala, masatifiketi a MSCE, makalata a malo, mapepala a katundu wodutsa pachipata. Munthu amene wasungitsidwa zinthu za eni sangasankhe yekha kugona chitseko chili pululu. Pamenepa mtsikanayo ali ndi chilungamo, ndipo ndinawauza alamu maso ndi maso.

Pamene mtsikanayo amalakwitsa ndi poganiza kuti njira ndi ziwiri zokha: Windows 11 kapena dzala. Zilipo zina, ndipo iliyonse ili ndi minga yake.

Amisiri a makompyuta a m'matauni athu amadziwa kukakamiza Windows 11 kuti ilowe pa makina okanidwa. Zimatheka, ndipo nthawi zambiri imayenda. Koma Microsoft inachenjeza poyera kuti makina otere alibe lonjezo lolandira zigamba, choncho munthu akhoza kudzipeza ali pamene anathawa paja, atatayanso ndalama. Choipa kuposa apo ndi Windows yakuba imene ena amaika pofomata, pamodzi ndi timapulogalamu toibisira kuti ioneke yovomerezeka. Timapulogalamu timeneti nthawi zina timabwera ndi vayirasi m'mimba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso chaka chowonjezera. Microsoft inatsegula njira yoti makina a panyumba a Windows 10 apitirize kulandira zigamba zachitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Munthu akhoza kulipira madola 30, kapena kulembetsa kwaulere polumikiza makinawo ku akaunti ya Microsoft ndi kulola kuti zokonda zake za pa kompyuta zizisungidwa kumeneko. Izi sizithetsa vuto, zimangopatsa munthu nyengo imodzi ya zokolola kuti akonzeke. Koma kwa mlimi nyengo imodzi ndi chinthu chachikulu.

Njira imene ine ndimaikonda, ngakhale ndikudziwa kuti si ya aliyense, ndi Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ndipo aliyense amaloledwa kuitenga, kuigawa ndi kuisintha popanda kulipira. Mtundu wake wina wotchuka, Ubuntu, unatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi mawu a abale athu a kumwera ofanana ndi umunthu wathu. Ubuntu kapena Linux Mint imayenda bwino pa makina amene Windows 11 yawakana, imalandira zigamba, ndipo mavayirasi a pa flashi amene amativutitsa aja saigwira, chifukwa anapangidwira Windows. Munthu akhoza kuiyesa kuchokera pa flashi osafufuta kanthu. Linux Mint pobwera imakhala ndi LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Kwa mwana wa sukulu wofuna kuwerenga, kulemba ndi kulowa pa intaneti, n'zokwanira.

Koma sindinganamize alamu kuti Linux iwathandiza pa shopu. Makadi awo a ukwati amawapanga pa Publisher ndi CorelDraw, ndipo zimenezi sizipezeka pa Linux. Kalata imene kasitomala wabwera nayo kuchokera pa Word nthawi zina imasokonekera mizere ikatsegulidwa kwina, ndipo kasitomala sangamve zifukwa. Komanso chikavuta, mmisiri wodziwa Windows mumupeza pa Kamwendo pomwepa, pamene wodziwa Linux mwina mukamufune ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100. Zimenezi n'zoona, ndipo okonda Linux akamazibisa amangowononga mbiri ya chinthu chabwino.

Nditamvetsera miyezi yonseyi, ndaona kuti funso loti yabwino ndi iti, yakale kapena yatsopano, silitifikitsa patali. Funso lothandiza ndi lakuti makinawo amagwira ntchito yanji, ndipo asunga za yani. Laputopu yathu, imene timalowera nayo ku banki ndi kutumizira makalata, inayenera kusamuka, ndipo sindikudandaula. Aliyense amene makina ake akukwanira, asamuke, koma ayambe wakopera mafayilo ake pena, asankhe tsiku lopanda ntchito yofulumira, ndipo aonetsetse kuti batire kapena sola ili bwino. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imauza munthu m'kamphindi ngati makina ake akukwanira. Makina akale a ana ndi a m'nyumba asatayidwe, aikidwe Linux. Alamu ndinawalangiza kuti alembetse chaka chowonjezera chija, afufute mapepala a makasitomala akangomaliza kuwasindikiza, asatsegule flashi ya munthu asanaipime, ndipo ayambe kupatula ndalama ya makina ena. Akadzagula, yakaleyo idzatsale ya printa yokha, yosakhudza intaneti. Anavomera zitatu zoyambazo. Chachinayicho akuti tidzakambirane soya akagulitsidwa.

Ndikuvomerezana ndi alamu kuti lamuloli linapangidwa osaganizira anthu ngati ife, ndipo kunena zimenezi si kudana ndi chitukuko. Koma kukwiya kwathu sikutseka bowo lililonse m'makina, ndipo mapepala a makasitomala ayenera kutetezedwa lero.

Inu amene mukukonza zogula laputopu ya kaunjika mukagulitsa mbewu chaka chino, musanapereke ndalama pemphani wogulitsa ayatse makinawo, alowe pa Settings, kenako System, kenako About, ndipo muwerenge nokha dzina la purosesa. Mukaona i5-6200U kapena i5-7200U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi 6 kapena 7, ndiye kuti Windows 11 siiwalandira movomerezeka, ngakhale mutaipeza itaikidwamo kale. Mukaona 8 kupita m'tsogolo, monga i5-8250U, kapena nambala yoyamba ndi 10, 11 kapena 12, makinawo akukwanira. Wogulitsa akakana kukuonetsani, bwezani ndalama yanu m'thumba mukayang'ane kwina.